Kuchokera ku Cape Town kupita kwawo kwa Cap Classique: tsiku limodzi limakwana mafamu atatu

Anthu ambiri akamabukitsa ulendo wa tsiku limodzi wopita ku minda ya mphesa ya ku Stellenbosch ndi Franschhoek amayang'ana zinthu ziwiri zokha: mtengo ndi kuchuluka kwa mafamu. Kampani ikalemba kuti mukaima pa mafamu asanu, munthu amaona ngati watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Koma tiyeni tiwerenge nthawi. Malo ambiri olawirako vinyo amatsegula 10 koloko m'mawa n'kutseka cha m'ma 4:30 kapena 5 koloko madzulo. Amenewo ndi maola 7, osaposa. Chotsanipo ola limodzi ndi theka la nkhomaliro, ndi ola linanso lothera pamsewu pakati pa famu ndi famu. Otsalawo mukawagawa kasanu, famu iliyonse ikulandirani kwa nthawi yosakwana ola. Pa nthawi yochepa chonchi palibe amene angakulowetseni m'cellar, kumene mabotolo amagona. Mudzangokhala pabwalo, kuthiriridwa, kujambula zithunzi, dalaivala n'kuyamba kuloza wotchi.

Ngati chimene mukufuna ndi vinyo wathovu wotchedwa Cap Classique, ine ndimati mafamu atatu basi, ndipo imodzi ikhale yoti akuyendetseni m'cellar. Vinyo ameneyu ntchito yake yaikulu imachitikira m'botolo, osati m'munda wokha, ndipo amene sanaone mabotolowo ali pa ntchito sangamvetse chifukwa chake botolo lina limagulidwa pa mtengo wowirikiza katatu kuposa linzake pamene onse akutuluka thovu.

Thovu limalowa m'vinyo m'njira zitatu. Yotchipa kwambiri ndi yopopera mpweya wa carbon dioxide m'vinyo amene wapsa kale, monga amachitira ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Yachiwiri ndi yowiritsa vinyo kachiwiri m'thanki yaikulu yotsekedwa, ngati mmene Prosecco ya ku Italy imapangidwira. Yachitatu ndi yowiritsa vinyoyo kachiwiri m'botolo lomwelo limene mudzagule. Imeneyi ndi njira ya ku Champagne, ku France, ndipo ku South Africa vinyo wopangidwa motere yekha ndi amene amaloledwa kulembedwa kuti Cap Classique. Anthu a kumafamu ndi m'malesitilanti ambiri amangoti MCC, kufupikitsa Méthode Cap Classique. Botolo likangolembedwa kuti sparkling wine popanda mawu amenewo, dziwani kuti kawirikawiri ndi la njira ziwiri zoyambazo. Nyumba zina zimapanga mitundu yonse iwiri. J.C. Le Roux ya ku Devon Valley, imene mabotolo ake ambirife tinawaonapo pa maukwati, ili ndi vinyo wotsekemera wopoperedwa mpweya komanso Cap Classique weniweni. Mukafika kumeneko nenani momveka kuti mukufuna kulawa uti.

Dzina loti champagne opanga vinyo a ku South Africa saligwiritsa ntchito. Dzikoli linagwirizana ndi France mu 1935 kuti lisiye maina a madera a ku France pa mabotolo ake, posinthana ndi msika wa nkhanu zake zikuluzikulu za m'nyanja. Amene anayamba kupanga vinyo wathovu wa m'botolo m'dzikoli ndi a Frans Malan a ku Simonsig, mu 1971, ataona mmene amachitira ku Champagne. Anamutcha Kaapse Vonkel, ndipo woyambayo anachokera ku mphesa za Chenin Blanc. Mu 1992 opanga vinyoyu anakhazikitsa bungwe lawo n'kumvana dzina la Cap Classique. Masiku ano mphesa zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi Chardonnay ndi Pinot Noir, ena amawonjezera Pinot Meunier, pamene ena amayesanso Chenin Blanc ndi Pinotage.

Zimene muyenera kuona m'cellar

Gaidi wodziwa ntchito amayambira kumunda. Mphesa za Cap Classique ndi zoyamba kukololedwa pa famu, kawirikawiri mu Januwale, shuga wake asanachuluke. Amazifuna zikadali zowawasa, chifukwa kuwawasako ndi kumene kumasunga vinyo kwa zaka zimene adzagone m'botolo. Amathyola ndi manja, m'mamawa kusanatenthe, n'kufinya phava lonse pang'onopang'ono osalipulula. Akafinya mwamphamvu, khungu la Pinot Noir, limene ndi lakuda, limapereka mtundu ndi kuwawa kumene sakukufuna. Madzi oyamba kutuluka ndiwo abwino, ndipo amawasunga padera ndi a kumapeto.

Madziwo amawira koyamba m'thanki kapena m'migolo, n'kukhala vinyo wamba wopanda thovu, wamphamvu ya mowa pafupifupi 10.5 kapena 11 peresenti. Mukapita pakati pa Malichi ndi Meyi, pemphani kuti akulawitseniko vinyo woyambayu. Ndi wowawasa moti nkhope imachita tsinya, koma mukamulawa mumamvetsa zonse zobwera pambuyo pake. Apa mwini ntchito amasakaniza vinyo wa minda yosiyanasiyana, nthawi zina ndi wa zaka zam'mbuyo, kuti kakomedwe ka nyumba yake kasasinthe. N'chifukwa chake mabotolo ambiri alibe chaka. Lolembedwa chaka ndiye kuti mphesa zake ndi za chaka chimenecho.

Kenako amathira vinyoyo m'mabotolo okhuthala, n'kuwonjezera yisiti ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 24 pa lita, n'kutseka ndi chitsekero chamalata cha mabotolo a mowa. Aliyense amene anatsekerapo thobwa m'botolo n'kuliiwala akudziwa chimene chimatsatira: zam'katimo zikupitiriza kuwira, mpweya ulibe kotulukira. Kusiyana kwake n'kwakuti pano zonse n'zoyezedwa. Magalamu 4 alionse a shuga pa lita amapereka bar imodzi, choncho 24 amapereka pafupifupi bar 6, kuwirikiza kasanu ndi kamodzi mphamvu ya mpweya umene watizungulira. Mphamvu ya mowa imakweranso ndi peresenti imodzi ndi pang'ono, kufika cha m'ma 12. Akachulutsa shuga mabotolo amaphulika. Akachepetsa, kapena yisiti akafooka chifukwa cha kuzizira kwambiri, thovu limakhala lofooka ndipo vinyo amatsala ndi shuga wosafunika. Kuwira kwachiwiriku kumatenga milungu 6 mpaka 8 m'chipinda chozizira.

Shuga akatha yisiti amafa n'kukhala nsenga m'mbali mwa botolo logonekedwa. Funsani kuti akukwezereni botolo limodzi pa getsi muone nsengazo. Malamulo a masiku ano amafuna kuti Cap Classique agone pa nsenga miyezi yosachepera 12, koma nyumba zosamala zimadikira zaka ziwiri, zitatu, zisanu, ena kupitirira. Pa nthawiyi nsenga zimaphwanyika pang'onopang'ono n'kupereka fungo la buledi wongophikidwa kumene ndi mtedza wokazinga, ndipo thovu limakhala losalala mkamwa. Apa ndi pamene pagona mtengo. Botolo limene lakhala m'cellar zaka zinayi ladya malo, magetsi oziziritsira ndi ndalama zimene mwini wake sanazionebe. Funso limodzi limene muyenera kufunsa pa famu iliyonse ndi ili: wagona miyezi ingati pa nsenga?

Kuchotsa nsengazo ndi gawo losangalatsa kuonerera. Kale, ndipo m'nyumba zina mpaka lero, mabotolo amawazika chakumutu m'matabwa awiri oyedzamirana okhala ndi mabowo, munthu n'kumapotoza botolo lililonse pang'ono tsiku ndi tsiku uku akuliimiritsa, kufikira nsenga zonse zitasonkhana pakhosi. Ndi manja zimatenga mwezi kapena kupitirira. Makina otchedwa gyropalette amanyamula mabotolo 504 m'khola limodzi lachitsulo n'kumaliza ntchitoyo pafupifupi pa mlungu umodzi. Musakhumudwe mukaona makina m'malo mwa matabwa. Ubwino wa vinyo suchepa nawo, ndipo matabwa ambiri amene ali pakhomo la malo olawirako ndi okongoletsa chabe. Nsenga zikafika pakhosi amaviika khosilo m'madzi amchere kapena amankhwala osaundana, ozizira kufika madigiri 25 kunsi kwa ziro, nsengazo n'kuundana. Akachotsa chitsekero, mpweya umakankhira kachibuluma kaja kunja. Malo otsalawo amadzazamo vinyo wosakaniza ndi shuga pang'ono, n'kukhoma chitsekero cha cork ndi kawaya kake.

Makina otsegula ndi kutseka mabotolowa amagwira ntchito mkati mwa mlungu. Mukapita Loweruka kapena Lamlungu mudzapeza ali zii. Ngati ntchito ikulolani, pitani pakati pa Lachiwiri ndi Lachinayi: anthu ndi ochepa, antchito a m'cellar alipo, ndipo amene akuthirirani ali ndi nthawi yoyankha mafunso. Mu Januwale ndi Febuluwale mudzaona mathirakitala akubweretsa mphesa, koma mafamu ena salola alendo m'cellar nthawi imeneyo chifukwa pansi pamakhala ponyowa ndipo mapaipi ali ponseponse. Kampani ifunse famuyo isanakulonjezeni.

Shuga uja wothiridwa pomaliza, nsenga zitachotsedwa, ndi amene amalembedwa pa botolo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagula zimene sanafune. Brut Nature ali ndi magalamu osakwana 3 pa lita, Extra Brut osapitirira 6, Brut osakwana 12. Extra Dry, ngakhale dzina lake likumveka ngati alibe shuga, ali ndi 12 mpaka 17, ndiye kuti ndi wotsekemera kuposa Brut. Demi-Sec ali ndi 32 mpaka 50. Nyumba zambiri za ku Cape zimalemba kuti Nectar pa vinyo wawo wotsekemerayu: Simonsig ili ndi Satin Nectar, Graham Beck ili ndi Bliss Nectar, Krone ili ndi Night Nectar. Ngati mumakonda zotsekemera musachite manyazi, nenani. Koma mulaweni pomaliza. Mukayamba ndi Nectar, Brut aliyense wobwera pambuyo pake adzamveka wowawasa kuposa mmene alili.

Njira zake

Ulendo umene ndimauona kuti umayenda bwino umayambira kumpoto kwa Stellenbosch n'kuthera ku Franschhoek. Nyamukani mu mzinda cha m'ma 8:45. Pa msewu waukulu wa N1 m'mawa magalimoto ambiri amakhala akulowa mu Cape Town pamene inu mukutuluka, ndipo madzulo zimatembenuka, choncho mzere wautali mumangouonera tsidya lina. Chimene chimachedwetsa si msewu koma kutola anthu. Minibasi imene ikutenga alendo pa mahotela asanu ndi limodzi, kuyambira ku Camps Bay mpaka ku Waterfront, imatha ola lathunthu isanatuluke mu mzinda. Funsani kuti inu mukhala achingati kutengedwa, kapena pemphani kukakwerera pa malo omaliza.

Kuchoka pa N1 kulowa R304 mumafika dera la Koelenhof, kumene kuli Villiera ndi Simonsig, makilomita ochepa kutalikirana. Zonse ziwiri zili ndi mbiri yaitali ya Cap Classique, Villiera kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Sankhani imodzi ikhale ya m'cellar, nthawi ya 10 koloko, mutu ukadali wowongoka. Ipatseni ola limodzi ndi theka. Villiera ilinso ndi malo oonerako nyama zakutchire, koma ulendo umenewo umadya maola awiri, ndiye mukaufuna chotsani famu imodzi pa ndandanda.

Kuchoka apo mumadutsa mu Stellenbosch n'kukwera Helshoogte pa R310, msewu wokhotakhota wa m'phiri, kutsikira ku Pniel ndi Boschendal, kumene umakumana ndi R45 wopita ku Franschhoek. Werengerani mphindi 45. Amene amachita mseru m'galimoto akhale kutsogolo. Ku Franschhoek, makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Cape Town, nyumba za thovu zili pafupipafupi. Haute Cabrière ili m'mbali mwa phiri pa msewu wokwera Franschhoek Pass, cellar yake inakumbidwa m'phirimo, ndipo vinyo wake wathovu amatchedwa Pierre Jourdan. Imadziwikanso ndi kutsegula botolo ndi lupanga. Le Lude, kumunsi kwa msewu womwewo, ili ndi vinyo wina amene amawira kachiwiri atatsekedwa ndi cork womangidwa ndi kachitsulo m'malo mwa chitsekero chamalata, ndipo kulawa mitundu iwiriyi mbali ndi mbali kumaphunzitsa zambiri. Colmant ndi nyumba yaing'ono yokhazikika pa thovu, yofunika kubukitsiratu. Mwa nyumba zimenezi, imodzi isanafike nkhomaliro, ina cha m'ma 3 koloko, ndipo pofika 5:30 kapena 6 koloko muli mu mzinda.

Pa msewu umenewu pali nkhani imene magaidi ena amaidumpha. Onse amanena za Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi, amene anafinya vinyo woyamba wa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, ndi za ma Huguenot, Akhristu achipulotesitanti othawa ku France amene anafika mu 1688. Zimenezo n'zoona. Koma minda imeneyi, kuphatikizapo Boschendal ya mu 1685, inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi kugombe la Mozambique. Mudzi wa Pniel unakhazikitsidwa mu 1843 ngati mishoni ya akapolo omasulidwa. Pambuyo pake kwa zaka zambiri antchito a m'mafamu ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo, chizolowezi chotchedwa dop, ndipo mabala ake akuonekabe m'mabanja a m'derali. Gaidi amene amadutsa pa Pniel osatchulapo kanthu wakuuzani theka la nkhani. Mufunseni. Ngati nthawi ilipo, pobwerera dzerani R301 wolowera ku Paarl, muime pa chipata cha ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster, pamene a Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990. Mphindi 10 zimakwana.

Robertson ndi nkhani ina. Kumeneko kuli Graham Beck, imene Brut yake inamwedwa pa mwambo wolumbiritsa a Mandela mu 1994, ndipo banja la a Obama linasangalalira nayo kupambana zisankho za ku America mu 2008. Dothi la kumeneko lili ndi miyala ya laimu, imene Chardonnay amaikonda. Koma ndi makilomita pafupifupi 160, kudutsa toligeti ndi ngalande ya Huguenot Tunnel, Worcester, kenako R60: maola awiri kupita, awiri kubwerera. Ndi ulendo wabwino ukakhala paokha. Kampani imene ikukulonjezani Robertson ndi Franschhoek tsiku limodzi ikukugulitsani mpando wa m'minibasi. Amene ali ndi theka la tsiku lokha apite ku Steenberg, m'chigwa cha Constantia, mphindi pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda.

Nanga Franschhoek Wine Tram, kasitima ndi mabasi ozungulira mafamu a ku Franschhoek? Inayamba mu 2012, ndi yosangalatsa, ndipo kwa gulu lofuna kucheza ndi kujambula ndi yabwino. Koma si ulendo wa gaidi woyenda nanu. Mumakwera ndi kutsika nokha potsata ndandanda ya nthawi, tikiti siphatikiza ndalama zolawira vinyo, mafamu ambiri a m'njira zake ndi a vinyo wamba, ndipo tikiti wamba siphatikizanso ulendo wochokera ku Cape Town ndi wobwerera. Amene tram yomaliza yamusiya amavutika, chifukwa magalimoto oitanitsa pa foni ndi osavuta kuwapeza mu mzinda koma kumafamu madzulo amasowa.

Musanalipire

Funsani maina a mafamu, ndipo akulembereni. Ulendo wongolembedwa kuti Winelands tour nthawi zambiri ndi wa vinyo wofiira ndi woyera, tchizi ndi chokoleti, thovu n'kungokhala tambula imodzi yolandirira alendo. Funsani ngati ndalama zolawira ndi za m'cellar zili mumtengo, ngati nkhomaliro ilimo, ndiponso ngati tebulo labukitsidwa. Mu Disembala ndi Januwale lesitilanti ya pa famu popanda kubukitsa simungaipeze, ndipo gulu lanjala limathera ola kufunafuna chakudya m'tauni. Funsani kuchuluka kwa anthu. Oposa 12 kapena 13 m'cellar, a kumbuyo samva kanthu. Gulu la abale kapena anzanu la anthu 6 mpaka 8 limapindula kubwereka galimoto ndi gaidi paokha, chifukwa mtengo ukagawidwa suchoka patali ndi wa minibasi ya aliyense, ndipo mafamu mumasankha nokha.

Ku South Africa gaidi ayenera kukhala wolembetsedwa ku boma la chigawo, ndipo amanyamula baji ndi khadi. Woyendetsa anthu olipira ayenera kukhala ndi PrDP, chiphaso chapadera cha madalaivala otere, ndipo galimotoyo ikhale ndi chilolezo chonyamulira anthu. Pali abale athu ambiri ku Cape Town amene ali ndi galimoto ndipo angakupititseni motchipa. Ngati ndi chibale chabe n'kusonkherana za mafuta, palibe vuto, bola iyeyo asalaweko ngakhale pang'ono. Malire a mowa m'magazi ndi magalamu 0.05 pa mamililita 100 kwa dalaivala wamba, ndi 0.02 kwa woyendetsa anthu olipira, ndipo apolisi amaima m'misewu imeneyi kumapeto kwa mlungu. Koma dziwani kuti dalaivala si gaidi. Sadziwana ndi a m'cellar, ndipo famu ikadzaza alibe woti amuimbire.

Ngati m'gulu mwanu muli osamwa mowa, nenani pobukitsa. Mafamu ena ali ndi madzi a mphesa athovu opanda mowa, ndipo makampani ena amachotsera mtengo munthu amene salawa. Osakwana zaka 18 sapatsidwa vinyo, ndipo si cellar iliyonse imalola ana.

Zimene zimalakwika pa tsikulo

Choyamba ndi kuledzera mosayembekezera. Pa famu amakupatsani mitundu 4 kapena 5, tambula iliyonse mamililita 30 mpaka 50. Mitundu 5 pa mafamu atatu ndi matambula 15. Pa mamililita 40 iliyonse, amenewo ndi 600, pamene botolo lonse ndi 750. Onjezani tambula ya pa nkhomaliro, mwamaliza botolo nokha, padzuwa, ndipo mpweya uja umafulumizitsa mowa kulowa m'magazi. Idyani chakudya cham'mawa chenicheni, mazira ndi buledi kapena phala, osati tiyi yekha. Imwani tambula ya madzi pa famu iliyonse. Kachidebe kali pa tebulo ndi kolavuliramo ndi kukhuthuliramo wotsala. Kwathu kulavula chimene wapatsidwa kumaoneka ngati mwano, koma kumeneku ndi mwambo, ndipo opanga vinyo eniake amatero tsiku lonse. Amene amameza zonse pa famu yoyamba sakumbukira chilichonse cha yachitatu, imene nthawi zambiri ndi yodula kwambiri.

Chachiwiri ndi mphuno ndi milomo. Perefyumu wamphamvu amaphimba fungo la vinyo kwa inu ndi kwa anzanu onse pa tebulo. Chingamu, maswiti a minti ndi mankhwala otsukira mano amachititsa vinyo kumveka wowawa. Mafuta a pamilomo ndi lipisitiki amapha thovu akangokhudza m'mphepete mwa tambula. Tambula imene yatsala ndi sopo imachitanso chimodzimodzi, ndiye mukaona vinyo wa mnzanu akutuluka timathovu pamene wanu ali duu, vuto ndi tambula, pemphani ina. Onse akakhala opanda moyo, botolo linatsegulidwa kale, mwina dzulo. Kupempha latsopano mwaulemu si kudzikweza. Chimodzimodzi ngati vinyo akununkha katoni yonyowa: cork wake ndi wodwala, ndipo nyumba yabwino imasintha popanda kukangana.

Chachitatu ndi zovala. M'cellar mumazizira, madigiri 12 mpaka 15, pamene kunja ku Franschhoek ndi Paarl mu Febuluwale kumapitirira 35. Tengani juzi yopepuka, chipewa, ndi nsapato zotseka zosaterereka. Nsapato zazitali zimamira pa kapinga ndi kuterera pa simenti yonyowa. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mvula ndi kuzizira, mipesa ilibe masamba, malesitilanti ena amatseka milungu ingapo, koma anthu ndi ochepa ndipo ino ndi nthawi imene mungapeze mwini ntchito ali ndi mpata wocheza.

Za tipu: m'lesitilanti ndi 10 peresenti kapena kuposerapo, ndipo pa gulu lalikulu ena amaiwonjezera okha pa bilu, choncho werengani musanalipire kawiri. Wothira vinyo ndi gaidi nawonso amapatsidwa kangachepe. Ambiri mwa ogwira ntchitozi amadalira nyengo ya alendo, ndipo si zachilendo kupeza kuti amene akukubweretserani chakudya ndi wa ku Mangochi, Mzimba kapena Bulawayo. Malo ena salandira ndalama zapamanja, ndiye khadi la kubanki likhale pafupi.

Kugula ndi kunyamula

Musagule pa famu zimene zili m'shopu iliyonse ya mu mzinda. Brut wamba wa nyumba zikuluzikulu mumupeza kulikonse, nthawi zina motchipirapo. Pa famu gulani amene sapezeka kwina: wa chaka, wagona nthawi yaitali pa nsenga, kapena magnum ya malita 1.5 ngati kukubwera ukwati. Yang'anani kumbuyo kwa botolo, nyumba zina zimalemba tsiku limene nsenga zinachotsedwa. Wopanda chaka anapangidwa kuti amwedwe pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri chigulireni.

Mdani wamkulu ndi buti ya galimoto. Mabotolo ogulidwa 11 koloko akakhala m'buti padzuwa mpaka 5 koloko amatentha, mpweya umakankha cork, vinyo amadontha kapena kutaya kakomedwe. Gulani pa famu yomaliza, kapena funsani ngati minibasi ili ndi bokosi loziziritsira zakumwa, kapena katoni ikhale pansi pa mpando m'kati mozizira. Ogula makatoni angapo apemphe famu iwatumizire kunyumba ku Cape Town. Mabotolo oonekera m'kati a rosé, vinyo wapinki, asakhale padzuwa kapena pansi pa getsi lowala, chifukwa kuwala kumasintha fungo lake kukhala la kabichi wophika.

Opita kumudzi awerengere kulemera. Botolo lodzaza ndi pafupifupi makilogalamu 1.6, katoni ya 6 ndi makilogalamu 10. Pa ndege amalowa m'chikwama chachikulu chokha, osati cha m'manja. Kulungani lililonse m'jumbo kenako m'zovala, pakati pa chikwama, osagundana. Pa basi ya masiku angapo katundu wapansi amatentha ndi kugwedezeka, choncho musanyamule wodula panjira imeneyo. Fufuzani kwa a MRA, kapena a ZRA kwa opita ku Zambia, kuchuluka kwa mowa umene mungalowe nawo popanda msonkho. Mlendo wongocheza amene sakhala ku South Africa angathe kupempha kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti pa bwalo la ndege ngati wagula zopitirira R250, koma pamafunika tax invoice yeniyeni ndi kuonetsa katunduyo asanalowe m'ndege, ndiye ipempheni pa famu pomwepo.

Mukafika, botolo lipume masiku angapo pamalo ozizira ndi amdima. Liziziritseni kufika madigiri 6 mpaka 8: maola atatu m'firiji, kapena mphindi 30 m'ndowa ya theka madzi theka ayezi. M'freezer musaike, mukaliiwala limasweka. Potsegula, chala chachikulu chikhale pa cork kuyambira pamene mwayamba kumasula kawaya, kamene kamamasuka mukapotoza theka kasanu ndi kamodzi. Pendeketsani botolo, lisaloze munthu kapena babu, gwirani cork zolimba n'kupotoza botololo, osati cork. Lofunda kapena logwedezeka limataya vinyo wambiri, ndipo cork wothawa amavulaza diso. Za lupanga zija zisiyireni a ku Haute Cabrière. Wotsala mutsekeni ndi chitsekero chokanikiza cha vinyo wathovu, chimene malo ambiri olawirako amagulitsa, n'kumubwezera m'firiji. Amasunga thovu masiku awiri kapena atatu. Supuni yoika pakamwa pa botolo siisunga mpweya.